Kanema wa panja ku Chilwa: chinsalu chinkabwera pa galimoto, anthu n'kubwera wapansi

Mnyamata wa pa doko la Kachulu lero amaonera filimu pa foni, ali chogona m'chisakasa podikira kuti mphepo ya mwera ileke. Agogo ake ankaonera pa bwalo la sukulu, usiku, mudzi wonse utakhala pa fumbi. M'zaka zomwezo, anthu a magalimoto ku Blantyre, ku Harare ndi ku Johannesburg nawonso ankaonera kanema panja, koma atatsamira pa mipando ya galimoto zawo, pa malo otchedwa drive-in. Mafunso ali m'munsiwa akutsata mbiri ya mitundu iwiriyi ya kanema, ndi chifukwa chake gombe la kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa linalandira mtundu umodzi wokha.

Kodi drive-in inali chiyani, ndipo inayambira kuti?

Linali bwalo lalikulu lotchingidwa ndi mpanda, kutsogolo kwake kuli chikhoma choyera chachitali kuposa nyumba yosanja. Munthu ankalipira pa chipata ali m'galimoto, n'kukaimika pamalo pake moyang'ana chikhomacho. Dzuwa likalowa, makina oonetsera kanema ankaponya zithunzi pa chikhoma kuchokera m'kanyumba ka pakati pa bwalo.

Woyambitsa anali Richard Hollingshead, amene banja lake linkagulitsa zipangizo za magalimoto ku Camden, m'chigawo cha New Jersey ku America. Anayesera kaye pakhomo pake, ataika makina a Kodak pa boneti ndi kumangirira nsalu ku mitengo. Vuto lomwe linamusowetsa tulo linali la galimoto yakutsogolo kutchinga yakumbuyo. Analithetsa pounda dothi m'mizere yokhotakhota, ngati mizere ya m'munda wa chinangwa, kuti matayala akutsogolo akakwera pa mzere, galimoto idzuke mphuno ndipo okhala m'katimo aone pamwamba pa denga la mnzawo. Bwalo lake linatsegulidwa pa 6 June 1933, linkalowa magalimoto pafupifupi 400, ndipo mtengo unali masenti 25 pa galimoto ndi masenti ena 25 pa munthu. Filimu yoyamba inali Wives Beware.

Mawu ndiwo ankavuta. Poyamba ankawatulutsa pa zimkuzamawu zikuluzikulu pafupi ndi chikhoma, koma wa kumbuyo ankamva mawu mochedwa, pakamwa pa wosewera patatsekeka kale, ndipo oyandikana ndi bwalo ankadandaula phokoso. Mu 1941 kampani ya RCA inapanga kachimkuzamawu kakang'ono kokoloweka pa zenera la galimoto iliyonse, ndipo patapita zaka mawu anayamba kudzera pa wailesi ya m'galimoto. Pofika 1958 ku America kunali malo otere oposa 4,000. Lero atsala pafupifupi 300.

Nanga kuno ku Africa inafika?

Inafika, ndipo kumwera kuno inakhazikika kwambiri chifukwa usiku wambiri pa chaka kumakhala kopanda mvula, komanso wailesi ya kanema inachedwa. Ku South Africa TV inayamba mu January 1976, choncho kwa zaka zambiri banja lofuna kuona zithunzi zoyenda linkayenera kutuluka m'nyumba. Malo otchuka kwambiri anali Top Star ku Johannesburg, omwe anamangidwa pamwamba pa chimulu cha dothi lochokera mu mgodi wa golide. Anthu ankaonera filimu mzinda wonse ukuwala pansi pawo. Mwa amene anakumba dothi la milu ya ku Joni munali amuna ambirimbiri ochokera kuno kwathu, koma pansi pa malamulo a tsankho malo ngati amenewa anali a azungu. Top Star inatsekedwa mu 2006, ndipo chimulucho chinagumulidwa kuti asefenso golide amene anatsalira m'dothimo.

Ya ku Dar es Salaam, yomwe inatsegulidwa mu 1966, ili ndi mbiri yokoma. Katswiri wa mbiri yakale Laura Fair analemba kuti anthu opanda magalimoto ankadzaza kunja kwa mpanda, n'kumaonera ulere pa chikhoma chomwe chinkaoneka kutali. Pamalopo lero pali ofesi ya kazembe wa America.

Kwathu kuno, Blantyre inali ndi drive-in yake, kuwonjezera pa nyumba za kanema monga Apollo. Ankapitako anali eni magalimoto: azungu, amwenye a masitolo, ndi Amalawi ochepa a ntchito zapamwamba m'boma ndi m'makampani.

Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975. Bwanji kanema wotere sanatsikire ku nyanja, pomwe ndi makilomita 30 okha?

Makilomita 30 amenewo ndi ataliatali. Kuchoka pa Boma, munthu akangodutsa Matawale n'kuloza kuvuma, phiri limatsalira kumbuyo ndipo kumayamba chigwa chathyathyathya cha dothi lamakande. Nthawi ya dzinja mitsinje ya Likangala, Naisi ndi Domasi imatayira madzi m'chigwamo, ndipo msewu wafumbi wopita ku Kachulu unkasanduka phala. Malonda a drive-in amafuna zinthu zitatu pamodzi: mabanja mazanamazana okhala ndi magalimoto, magetsi odalirika, ndi msewu woti munthu n'kubwerera kwawo pakati pa usiku. Gombe la Chilwa linalibe n'chimodzi chomwe. Chuma cha kumeneko chinkayenda pa bwato, pa njinga yakapalasa ndi pamutu. Galimoto yomwe anthu ankaidziwa inali lole yodzatenga matemba ouma kupita nawo ku Limbe.

Ndalama sikuti kunalibe. M'zaka zabwino Chilwa inkapereka gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi: matemba, makumba ndi milamba. Koma ndalama ya msodzi imabwera lero n'kusowa mawa, ndipo palibe akanamanga chikhoma cha simenti podalira nyanja yomwe mu 1968 inauma mpaka anthu kumayenda wapansi kupita ku chilumba cha Chisi.

Tsono anthu a kunyanja anayamba bwanji kuona kanema?

Oyamba anakamuonera kutali. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920, mbusa wa ku America Ray Phillips, mothandizidwa ndi bungwe la eni migodi, ankazunguliza mafilimu m'makomboni a migodi ya ku Joni. Cholinga chinali choti anthu ogwira ntchito asamakhale ndi nthawi yomwa mowa kapena kukambirana zonyanyala ntchito. Ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia nakonso kunali kanema wa panja mlungu ndi mlungu, ndipo mafilimu a makauboyi ndiwo ankakondedwa zedi, moti ana a m'makomboni ankatchula kauboyi aliyense kuti Jack. Amuna obwerako ku Wenela ndi ku Halale ankafika kumudzi ndi sutikesi, jekete ndi nkhani za anthu okwera akavalo owomberana pa nsalu.

Kenaka kanema anadzabwera yekha. Pakati pa 1935 ndi 1937 kunali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yotsogozedwa ndi Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, pa ndalama za Carnegie Corporation. Anajambula mafilimu 35, ambiri ku Tanganyika, n'kunyamula ena pa lole kuzungulira Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda. Mafilimuwo analibe mawu akeake. Mawu ankachokera pa mbale za galamafoni, ndipo Chinyanja ndi Chitumbuka zinali m'gulu la zinenero zomwe anajambula.

Ntchito yokhazikika inayamba mu 1948 pamene kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, yojambulira mafilimu maiko atatu: Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mkulu wake anali Alan Izod, ndipo mmodzi mwa ojambula odziwika anali Stephen Peet. Nthambi ya zofalitsa nkhani ya boma la atsamunda, lomwe likulu lake linali pa Zomba pomwepa, ndiyo inkatumiza magalimoto a kanema m'maboma. Apa zinthu zinatembenuka: ku New Jersey chikhoma chinkaima malo amodzi anthu n'kubwera pa galimoto, pomwe kuno chinsalu ndicho chinkakwera galimoto, anthu n'kubwera wapansi, ena atabereka ana, ena atanyamula mipando yandalema.

Usiku wa kanema unkayenda bwanji?

Uthenga unkadzera kwa amfumu ndi kwa aphunzitsi, ndipo ana asukulu ankaufikitsa m'midzi msanga kuposa mthenga aliyense. Galimoto inkafika dzuwa likupendeka, n'kuima pa bwalo la sukulu, la mpira kapena pa khoti la mfumu yaikulu. Inkabwera nthawi ya chilimwe, misewu itauma. Mkati mwake munkakhala injini ya magetsi, makina oonetsera filimu ya mamilimita 16, chimkuzamawu, ndi zitini zophwatalala zosungiramo mikombero ya filimu. Ogwira ntchito ankakhala ochepa: dalaivala, woyendetsa makina ndi wofotokozera.

Asanayambe ankaimba nyimbo pa chimkuzamawu kuti anthu asonkhane, podikira mdima, pakuti nyali ya makinawo siingalimbane ndi kuwala kwa dzuwa ngakhale kwa kachisisira. Filimu ndi lamba wautali wa tizithunzi tosayenda. Makina amakoka lambayo n'kuimitsa kachithunzi kalikonse kanthawi kochepa patsogolo pa nyali, ndipo pa filimu ya mawu amatero ka 24 pa sekondi imodzi. Diso limalumikiza lokha n'kuona munthu akuyenda. Mkombero wa mafiti 400 unkatha pa mphindi 11 zokha, choncho pankakhala kupumira kawirikawiri, woyendetsa makina akusintha mkombero, bwalo lonse lili phokoso. Lamba akaduka ankalumikiza pomwepo. Akakanirira patsogolo pa nyali, anthu ankaona chithunzi chikusungunuka pa chinsalu, filimu ikupsa.

Nsalu ikakhala yopyapyala ndipo yamangidwa pa mitengo iwiri pakati pa bwalo, zithunzi zimaoneka mbali zonse ziwiri. Ochedwa ndi ana opanikizidwa ankangozungulira kuseri, komwe aliyense wa mufilimu ankaoneka wamanzere.

Munthu wofunika kuposa onse anali wogwira maikolofoni. Mafilimu ambiri oyambirira a Central African Film Unit analibe mawu, dala, kuti filimu imodzi igwire ntchito kwa Mshona, Mbemba ndi Mnyanja. Wofotokozera ankapatsidwa pepala la zoti anene, koma pa bwalo panalibe mzungu womva bwino chinenerocho woti n'kumuwongolera. Filimu inkakoma kapena kuzizira malinga ndi lilime la munthu ameneyu, ndipo phunziro lomwe analikonza ku Salisbury linkatha kufika ku mudzi litasanduka nthabwala.

Ankaonetsa zotani, ndipo anthu ankazikhulupirira?

Mafilimu ambiri ankayenda njira imodzi: anthu awiri, wina wanzeru wina wopusa. Wanzeru amamvera mlangizi, amakolola zambiri, amagula njinga. Wopusa amakakamira zakale n'kugwa m'mavuto. Filimu ya 1935 yotchedwa Post Office Savings Bank inkaonetsa wina wosunga ndalama ku positi ofesi ndi mnzake wokwirira pansi, wakuba n'kudzafukula. The Two Farmers inali ya alimi awiri otere, ndipo Mulenga Goes to Town inkachenjeza mnyamata wa kumudzi za zoopsa za m'tauni. Akuluakulu a kanema wa atsamunda, motsogozedwa ndi William Sellers wa Colonial Film Unit ya ku London, ankaphunzitsa kuti munthu wakuda wa kumudzi sangatsate filimu yothamanga, choncho zithunzi ziziyenda pang'onopang'ono, popanda luso lozunguza. Maganizo amenewa anali achipongwe komanso olakwika, pakuti anthu omwewo ku migodi ankatsata bwinobwino mafilimu a ku Hollywood, n'kumakuwira kauboyi kuti acheuke mdani ali kumbuyo.

Kusonkhana ankasonkhana, chifukwa usiku wa kumudzi sunkakhala ndi zachilendo kawirikawiri. Kukhulupirira inali nkhani ina. Zomwe filimu inkanyengerera usiku ndi zomwe boma linkakakamiza masana. M'zaka za m'ma 1950 malamulo a malimidwe ankalamula anthu kuunda mizere ndi migula yopingasa ndi kuzula mapesi pa nthawi yoikika, ndipo wolephera ankalipitsidwa kapena kutsekeredwa. Mlimi yemwe walipa chindapusa dzulo sakanaombera m'manja mlimi wanzeru wa pa chinsalu. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, nthambi ya Central African Film Unit ija inadzalowa m'manja mwa boma la chitaganyacho, ndipo inayamba kujambula nkhani zotamanda chinthu chomwe anthu a ku Nyasaland ankadana nacho ndi mtima wonse. Pofika nthawi ya chipwirikiti cha March 1959, galimoto ya kanema inkaonedwa ngati pakamwa pa boma. Nthambiyo inatha pamodzi ndi chitaganya mu 1963.

Ufulu utabwera mu 1964, zinasintha?

Mwini galimoto anasintha, koma galimoto inakhalabe ya boma. Unduna wa zofalitsa nkhani unali ndi nthambi yake ya mafilimu, yomwe inkajambula maulendo a Kamuzu Banda, misonkhano ya chipani, kuyendera mbewu ndi magule a amayi a Mbumba. Unduna wa zaulimi unali ndi nthambi ya Extension Aids, eni ake a magalimoto achikasu omwe achikulire ambiri amawakumbukira mpaka lero. Masana ankaonetsa sewero la zidole zolankhula, usiku filimu: kabzalidwe ka chimanga cha makono, kathiridwe ka feteleza, kupopera thonje, kubweza ngongole ya kalabu. Nthambi yomweyo ndiyo inkasindikiza magazini ya Za Achikumbi. M'chigwa cha Chilwa munali zambiri zoti alangizi aphunzitse, pakuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linatsegula masikimu a mpunga wothirira monga wa Likangala, mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan.

Wa galimoto wopita ku drive-in ya ku Blantyre ankalipira n'kusankha yekha filimu, koma nayenso sankaona zonse. Lamulo la 1968 lotchedwa Censorship and Control of Entertainments Act linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Malo opsompsonana ndi ovala mosadzilemekeza ankadulidwa ndi lumo, nthawi zina mpaka nkhani kusokonekera. Filimu isanayambe, pa chinsalu pankabwera nkhope ya Ngwazi, nyimbo ya fuko ikuimbidwa. Bungwe lomwelo linkaletsa mabuku mazanamazana. 

Wailesi ya kanema Kamuzu sanailole konse. Zimbabwe inali nayo kuyambira 1960, Zambia kuyambira 1961, koma Television Malawi inadzatsegulidwa mu 1999, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi. Ichi n'chifukwa chake kanema wa pa galimoto anakhala ndi moyo wautali kuno kuposa kwa anansi athu. Mipingo nayo inaona mwayi. Filimu ya Yesu, yojambulidwa mu 1979 ndi kumasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, yazunguliridwa m'midzi yambirimbiri ndi jenereta ndi chinsalu, ndipo kwa anthu ochuluka a kumudzi inali filimu yaitali yoyamba kuimva yonse m'chinenero chawo.

Chinapha kanema wa panja n'chiyani?

Kunja, drive-in inaphedwa ndi zinthu zingapo motsatizana. Mizinda inakula n'kuzinga mabwalo omwe kale anali kutchire, ndipo mwini malo anaona kuti kugulitsa kwa omanga masitolo kuli ndi phindu kuposa kudikira magalimoto a Loweruka. TV inalowa m'nyumba, kenaka matepi a vidiyo. Otsala anapunthwa cha m'ma 2013, pamene makampani a mafilimu anayamba kusiya lamba wa mamilimita 35, ndipo aliyense anayenera kugula makina a digito a madola masauzande makumimakumi. Ku South Africa, Velskoen ya ku Randburg inatsekedwa mu 2012, ndipo ya pa denga la Menlyn Park ku Pretoria mu 2014.

Kwathu, nyumba za kanema za m'tauni zinayamba kufooka m'zaka za m'ma 1980. Mafilimu ankabwerekedwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe zinkasowa, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za ku Beira ndi Nacala, ndipo mabanja opeza bwino anagula madeki awoawo. Magalimoto a boma anafa imfa ya pang'onopang'ono: bajeti yochepa, mafuta osowa, zipangizo za makina akale zosapezeka. Sanaletsedwe ndi munthu. Ankangobwera mwa apo ndi apo mpaka anthu analeka kuwayembekeza.

Ndiye video show inalowa bwanji m'malo mwake, ndipo ikukhudzana bwanji ndi nyanja?

Video show inachita chinthu chomwe atsamunda ndi boma la chipani chimodzi sanachitepo: inafunsa anthu chomwe akufuna kuona. Munthu wa kampamba pang'ono ankagula TV, deki ndi jenereta kapena batire la galimoto, n'kumanga chisakasa cha mphasa, matumba kapena malata, mabenchi m'kati, chimkuzamawu panja. Pakhomo pankaima bolodi lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo. Pamene ulamuliro wa zipani zambiri unabwera mu 1994 ndipo mantha a bungwe lounika anachepa, zisakasa zoterezi zinamera pa msika uliwonse, kuyambira pa Songani, pa Govala, pa Jali mpaka pa madoko.

Poyamba zinali nkhonya ndi mfuti: Bruce Lee, Chuck Norris, Rambo wa Sylvester Stallone, Commando wa Arnold Schwarzenegger, Jean-Claude Van Damme. William Kamkwamba, m'buku lake la 2009 lofotokoza ubwana wake ku Wimbe m'boma la Kasungu, akukumbukira mafilimu omwewa, umboni woti dziko lonse linkaonera zofanana. Kenaka anabwera a ku Nigeria, a ufiti, mitala ndi apongozi ovuta, ndipo Aki, Pawpaw ndi Mr Ibu anakhala mayina a m'nyumba iliyonse. Masiku ano chokoka anthu kwambiri ndi mpira wa ku England. N'chifukwa chake pamene MultiChoice inalengeza mu August 2023 kuti ikuchotsa DStv m'Malawi itasemphana ndi MACRA pa za mitengo, nkhawa sinali ya a ku Nyambadwe ndi Area 43 okha. Inafika mpaka kwa eni zisakasa za m'madoko, kufikira nkhaniyo itatha kumapeto kwa chaka chomwecho.

Ku Chilwa malonda amenewa amatsata madzi. Nyanja ikadzaza, madoko amasefukira ndi asodzi, alovi okoka makoka, amayi oyanika matemba, ogula ochokera ku Zomba, ku Limbe ndi ku Mulanje. Ena amakhala milungu yambiri pa zimbowera, tinyumba toyandama tomangidwa pa njedza pakati pa nyanja, ndipo akatsikira kumtunda ali ndi ndalama m'thumba ndi njala ya zosangalatsa. Mwini video show pamenepo amaonetsa kuyambira m'mawa mpaka usiku. Nyanja ikaphwa, monga mu 1995 ndi mu 2018, mabwato amagona pa matope ong'ambika, asodzi amasamukira ku Malombe, ku Chiuta kapena ku nyanja ya Malawi, ndipo jenereta imagulitsidwa kapena kuwatsatira komweko. Madzi atabwerera ndi mvula ya namondwe Idai mu March 2019, malonda a pa gombe anadzukanso. Chisakasa chili ndi mwayi womwe chikhoma cha simenti chinalibe: chimazulidwa n'kukamangidwa kwina tsiku limodzi.

Madandaulo alipo, ndipo ndi oona. Ana amathawa sukulu kukaonera, ndipo zisakasa zina usiku zimaonetsa zolaula popanda wofunsa zaka za olowa. M'madera ambiri mafumu ndi makomiti a sukulu anakhazikitsa malamulo oletsa mwana kulowa nthawi ya maphunziro. Za umwini wa mafilimu n'zovutanso: pafupifupi zonse ndi zokopera, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992, silingafike pa doko lililonse.

Chichewa chili pati pa zonsezi?

Chabwerera pa maikolofoni. Mafilimu a ku China, ku India, ku Korea ndi ku America omwe amagulitsidwa m'mabenchi okopera nyimbo masiku ano amakhala atalowetsedwa mawu a Chichewa ndi anyamata odzitcha ma DJ. Mmodzi yekha amalankhulira anthu onse a mufilimu, amatchula zigawenga mayina a kwathu, amachenjeza oonera za chomwe chikubwera, amalengeza malonda ake pakati pa nkhondo. Sikuti amamasulira liwu ndi liwu ayi. Amapeka nkhani yake pamwamba pa zithunzi za eni ake. Ntchito yake ndi yomwe ija ya wofotokozera wa pa galimoto ya atsamunda, kungoti uyu salandira pepala kwa munthu, ndipo akazizira anthu amagula za mnzake.

Zathu zenizeni ziliponso. Masewero a Izeki ndi Jakobo, omwe anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, anayenda m'zisakasa pa ma DVD, chimodzimodzi a Winiko ndi Tikuferanji wa Manganya. Shemu Joyah anajambula Seasons of a Life, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, yojambulidwa ku Kasungu, mbali yaikulu m'Chichewa. Chomvetsa chisoni n'chakuti mafilimu otere amafika msanga ku zikondwerero za kunja ndi pa Netflix kusiyana ndi pa doko la Kachulu, pomwe filimu yonena za bwato la asodzi ikanapeza oweruza odziwa bwino nkhaniyo.

Foni ndi sola tsopano zikudya msika wa chisakasa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba za kumudzi zolumikizidwa ku magetsi a ESCOM zinali zosakwana zisanu pa 100 zilizonse, komabe kasola ka padenga kamakwanira kutchaja foni, ndipo memori khadi imodzi imanyamula mafilimu ochuluka kuposa omwe galimoto yachikasu inkanyamula chaka chonse.

Chatsala n'chiyani choti munthu angachione?

Pa gombe palibe chikhoma, chipata kapena chikwangwani choti n'kuloza, chifukwa kanema wa kumeneko sankasiya kanthu kupatula mapazi a matayala. Zotsala zili malo awiri. Ena mwa mafilimu a atsamunda akusungidwa ku London ndi ku Harare, ndipo a boma la Malawi ali ku National Archives, pa Zomba pomwepa. Lamba wa filimu sakhalitsa m'dziko lotentha ndi lachinyezi: amayamba kununkha ngati viniga, amakwinyika, kenaka amamatana osathekanso kutambasula. Mkombero uliwonse womwe sunasamutsidwire pa kompyuta uli pa ngozi.

Malo achiwiri ndi m'mitu mwa anthu. Amene anali ana pamene galimoto za chitaganya zinkayenda tsopano ambiri apitirira zaka 70, ndipo a nthawi ya magalimoto achikasu ndi agogo. Iwowa ndiwo angatchule bwalo lomwe galimoto inkaima, nyimbo zomwe inkaimba, ndi nkhope za alimi, mafumu ndi ovina omwe ali m'mafilimu aja popanda dzina. University of Malawi, yomwe gulu lake la Travelling Theatre lakhala likupita ndi masewero m'midzi kuyambira m'ma 1970, ili mtunda wosakwana maola awiri kuchoka pa doko. Ophunzira ake ndi akuluakulu a National Archives atenge mafilimu omwe apulumuka, abwereke projekita ndi nsalu yoyera, akawaonetse ku Kachulu, ku Mchenga ndi ku Chisi chilimwe chikubwerachi, ndipo akapite ndi chojambulira mawu.